Chidindo cha injiniya

Pakona ya pulani ya nyumba pamakhala kabokosi kamene injiniya amasainamo ndi kudindamo chidindo chake. Ambiri timangoti ndi mwambo wa mu ofesi. Koma kwa eni ntchitoyi, wodindayo amatchedwa engineer of record, ndiye kuti mwini mlandu: zikavuta, amafunsidwa ndi iyeyo, ngakhale pulaniyo ajambule ndi wina.

Pa 17 Julaye 1981, mu hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City, anthu ankavina. Pamwamba pawo panali timilatho tiwiri toyendapo anthu, kena pa nsanjika yachinayi, kena pa yachiwiri, tolendewera ku denga. Pulani yoyamba inkati chitsulo chimodzi chachitali chichokere kudenga n'kugwira timilatho tonse tiwiri. Kampani yosula zitsulo inaona kuti zimenezi n'zovuta kupanga, ndiye inachidula pawiri: chapamwamba chigwire kamlatho kapamwamba, chinacho chiyambire pa kamlatho komweko n'kunyamula kapansi. Papepala kusinthaku kumaoneka kochepa zedi. Koma mtanda wapamwamba, pamalo pamene nati imaugwira, unayamba kusenza katundu wowirikiza kawiri. Unang'ambika, timilatho tinagwera anthu, ndipo 114 anamwalira.

Apa pamabwera mawu ena ofunika, shop drawings. Awa ndi mapulani amene wosula zitsulo amajambula posonyeza mmene apangire chidutswa chilichonse, ndipo amabwerera kwa injiniya kuti awaunike. Mapulani a zitsulo ziwiri zija anabwereradi, ndipo anadindidwa popanda wina kukhala pansi n'kuwerengeranso kulemera kwake. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti masamu ake ngosavuta. Wophunzira wa uinjiniya angawachite pa kapepala kamodzi.

N'chifukwa chake malamulo a ntchitoyi amasiyanitsa kulakwitsa ndi kunyalanyaza. Kulakwitsa kumagwera aliyense, ndipo n'chifukwa chake pali factor of safety, mphamvu yoonjezera imene amaisiya dala pa chinthu kuposa katundu amene chidzasenze. Kunyalanyaza ndi kudinda chimene sunachione. Ofufuza za ngozi ya hotela ija anapezanso kuti ngakhale pulani yoyamba ija sinkafika pa mlingo wa malamulo omangira a mzindawo.

Bwalo loona za ntchitoyi ku Missouri, kumene kuli Kansas City, linagamula kuti kunali kunyalanyaza koopsa. M'chaka cha 1986, mainjiniya awiri a pulani ya hotelayo, Jack Gillum ndi Daniel Duncan, analandidwa ziphaso zawo zogwirira ntchito.