Mathanki a gasi omwe adasanduka mudzi ku Vienna

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mzinda wa Vienna ku Austria unkakula mothamanga. Pakati pa 1896 ndi 1899, khonsolo ya mzindawu idamanga mathanki anayi osungiramo gasi m'dera la Simmering. Thanki iliyonse idazingidwa ndi chikhoma cha njerwa chotalika mamita pafupifupi 70, chokhala ndi mawindo mizeremizere. Gasiyo ankapangidwa kuchokera ku malasha, ndipo ndiye ankayatsa nyali za m'misewu.

Posakhalitsa, mu 1905, khonsolo yomweyo idagamula kuti nkhalango ndi madambo ozungulira mzinda zisakhudzidwe. Chigamulochi anthu adachigwira ndi manja awiri. Mu 1981, akuluakulu atafuna kumanga nyumba pamalo obiriwira a Steinhof, nzika zidaponya voti n'kukana. Mpaka lero malowo ndi a mitengo, udzu ndi anthu okawongola miyendo.

Koma ofuna pogona sankachepa. Nanga akamangiridwe kuti?

Yankho lina lidali chiimire ku Simmering. Mzinda utayamba kugwiritsa ntchito gasi wachilengedwe, mathanki aja adatha ntchito ndipo adatsekedwa mu 1984. Kuwagumula kudali kosatheka poti lamulo linkawateteza ngati chuma cha mbiri. Zitsulo za m'kati zidachotsedwa, zikhoma n'kutsala mbee.

Pakati pa 1999 ndi 2001, akatswiri a zomangamanga adakonzanso mathankiwo: Jean Nouvel, Manfred Wehdorn, Wilhelm Holzbauer ndi kampani ya Coop Himmelb(l)au, aliyense yake. Njerwa zakale adazisiya momwemo, nyumba zosanjikizana n'kukwera m'kati mwake. Wehdorn adasiya bwalo pakati pa thanki yake, makonde n'kumayang'ana pabwalopo, pomwe pali zomera ndipo kuwala kumatsika kuchokera pamwamba. Lero m'malo amenewa, otchedwa Gasometer, muli nyumba zogonamo zoposa 600, malo ogona ophunzira, masitolo, holo ya zoimbaimba komanso mosungira zikalata zakale za mzinda. Sitima yapansi panthaka imaima pakhomo pomwepo.

Mbiriyi ikutiuza kuti kusowa kwa nyumba si chifukwa chokwanira chodulira mitengo. Mzinda uyambe wawerenga zikhoma zomwe zangokhala popanda ntchito, uzidzaze ndi anthu, usanaganize zonola nkhwangwa.