Kuchokera kwa Jeke kufika kwa Scofield: mbiri ya oonera kanema kumapiri a Dedza

Munthu akafuna kudziwa ngati filimu yawagwira mtima anthu pa Lobi, pa Chimbiya kapena pa Linthipe, safunika kulowa m'nyumba ya vidiyo. Angoima panja n'kutchera khutu. Pamwamba pa phokoso la sipika ndi jenereta pamamveka mawu a anthu: wina akuchenjeza wapolisi kuti chigawenga chabisala kuseri kwa chitseko, wina akukalipira mboni yabodza, wina akulimbitsa anzake mtima kuti asade nkhawa, mwini filimu safa. Ambiri amachiyesa chibwana chizolowezi choyankha kanemachi. Ine ndimachilemekeza, chifukwa ndi njira imene anthu athu akhala akuweruzira nkhani za alendo kwa zaka zoposa 70, ndipo mbiri yake inayambira kutali ndi Dedza.

Kanema woyamba kufika m'midzi ya Nyasaland ankabwera pa galimoto. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment inayendayenda ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi kuno kwathu, kuonetsa zithunzi zophunzitsa. Kuyambira 1948 mpaka 1963 ntchitoyi inali m'manja mwa Central African Film Unit, imene inkajambula mafilimu a ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Atsamunda ankakhulupirira kuti munthu wakuda amameza chilichonse chimene waona pa chinsalu, choncho ankamusankhira zoti aone.

Koma anthu anali atasankha kale zawo. Amuna ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu, monga a m'maboma ena, ankapita kukagwira ntchito ku Halale, ku Joni ndi kumigodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. M'makomboni a migodi munkaonetsedwa kanema panja madzulo, ndipo wokondedwa koposa anali wa makauboyi: amuna a zipewa zazikulu, mahatchi, mfuti m'chiuno ndi zibakera. Mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake la Copper Town analemba momwe anthu ankaonerera. Ankaimirira, kukuwa, kuponya nkhonya m'mwamba pamodzi ndi womenyayo. Ngwazi ya filimu iliyonse ankaitchula Jack, kapena kuti Jeke, posatengera kuti wosewerayo ndi yani. Wolemba mbiri Charles Ambler, m'nkhani imene inatuluka mu 2001, anafotokoza za anyamata a m'makomboniwo amene ankasema mfuti zamitengo, kuvala zipewa za makauboyi n'kumathamangitsana akufuula dzina la Jeke.

Chochititsa chidwi ndi chakuti oonerawo sankamva Chingerezi cha ku Texas, zokuzira mawu zinali zosalongosoka, ndipo akuluakulu oyang'anira kanema anali atadula kale zigawo zimene ankaopa kuti zisokoneza mitu ya anthu akuda. Filimu inkafika yoduladula. Anthu ankailumikiza okha. Wina ankafotokozera mnzake chifukwa chimene Jeke wakwiyira, wina ankatsutsa, ndipo pofika kumapeto nkhani inali itasanduka yawo. Matchona pobwerera kumudzi anabwera ndi njinga, magalamafoni ndi zipewa, komanso kaonedwe kameneka.

Ufulu utabwera mu 1964, mantha a atsamunda sanachoke nawo. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo bungwe loona za kanema ndi mabuku linkadula kapena kuletsa chilichonse chimene linkachiona chosayenera. Wailesi ya kanema Kamuzu sanailole n'komwe. Southern Rhodesia inali nayo kuyambira 1960, ku Kitwe inayamba mu 1961, South Africa inatsegula yake mu 1976, koma Malawi anakhala zaka zonse za Kamuzu wopanda. Nyumba zochepa za kanema zinali m'mizinda, ndipo mlimi wa mbatatesi wa ku Bembeke analibe nazo gawo. Chimene anali nacho ndi wailesi ya MBC ndi masewero ake monga Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino. Apanso anthu sankamvera ali duu. Ankazungulira wailesi, kuyankha osewera, ndipo sewero likatha mkangano unkayamba.

Pali umboni wina wa momwe Achewa ankalandirira nkhope zachilendo, ndipo uli pa bwalo la gule wamkulu. Ku Brooklyn Museum ku New York kukusungidwa nkhope ya gule yosemedwa m'chifanizo cha Elvis Presley, ya m'zaka za m'ma 1970. Ku Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza, nyumba ya Kungoni imene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976 ikusunga zilombo zambiri zosonyeza azungu, amwenye ndi alendo ena. Anthu amene amatha kutenga munthu wotchuka wa ku America n'kumuimika pa bwalo kuti mudzi umuseke ndi kuphunzirapo mwambo si anthu omeza zinthu osatafuna. Mfundo imeneyi inawadutsa atsamunda, inadutsanso odula mafilimu a nthawi ya chipani chimodzi.

Zinthu zinatembenuka ndi makina a makaseti a vidiyo, makamaka ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha mu 1992, othawa kwawo amene anadzaza Dedza ndi Ntcheu anali kubwerera, ndipo msewu wodutsa pachipata cha Dedza kulowera ku Tete unadzadza ndi mathiraki ndi mabasi a ku Joni. Makaseti, kenako ma CD ndi ma DVD, ankabwera m'zikwama limodzi ndi katundu wina. Pafupifupi pamsika uliwonse panatseguka nyumba ya vidiyo: chipinda cha njerwa zosawotcha kapena cha mphasa, mabenchi a matabwa, nsanza yotchinga pakhomo, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko kuti lero kuli Rambo, Commando, Van Damme kapena Chuck Norris. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, anthu ankapanikizana m'zipindazi atafunda zitenje ndi majekete a kaunjika, mwana wa sukulu pafupi ndi wa ganyu yonyamula matumba. Mphunzitsi wina wa ku America, Jonathan Gray, anachita chidwi ndi msika umenewu mpaka analemba mu 2011 nkhani yofufuza momwe Steven Seagal anafikira ku Malawi. Jeke anali atabwerera, atavula chipewa n'kuvala malaya a usilikali kapena a upolisi.

Television Malawi inayamba kuwulutsa pa 1 April 1999, nthawi ya Bakili Muluzi. Inapatsa anthu nkhope zawozawo, ndipo sewero la Tikuferanji, momwe Michael Usi ankasewera ngati Manganya, linakhala nkhani ya m'nyumba zambiri. Koma magetsi kumidzi anali osowa, ndipo amene anali ndi kangachepe ankagula dishi ndi dikoda ya Wiztech kuti azionera ulere ma tchanelo a SABC, mpaka mu 2013 pamene South Africa inatseka njirayo. Malawi sanakhalepo ndi kanema wa mawaya olowa nyumba ndi nyumba ngati ku America. Masewero a kumeneko anatifika pa dishi ya DStv kwa ochepa, ndi pa DVD yotsika mtengo kwa ambiri.

DVD imodzi inkanyamula sizoni yonse, ndipo apa kaonedwe kanasintha. Filimu imatha pa maola awiri, woipa wafa, anthu n'kubalalika. Sewero la magawo limathera pamene mtima uli m'mwamba, ndipo mwini vidiyo amazimitsa makina n'kunena kuti mawa. Oonera amatuluka ndi mlandu wosatha. Prison Break, imene inayamba ku America mu 2005, inagwira anthu kuno modabwitsa. Nkhani yake ndi ya Michael Scofield, amene amadzimangitsa dala kuti akatulutse mkulu wake Lincoln Burrows, woweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu umene sanapalamule. Mmalawi sanafunike womasulira kuti amvetse zimenezi. M'bale ndi m'bale, ndipo mabanja ambiri amadziwa kuwawa kokhala ndi munthu pa limandi miyezi ndi zaka mlandu wake usanalowe m'khoti. Mmawa wake pamsika, pakati pa milu ya mbatatesi ndi kabichi, anthu ankatsutsana ngati pabwalo la mfumu: kodi Scofield analakwa kutulutsa limodzi ndi m'bale wake chigawenga chonga T-Bag? Kodi Jack Bauer wa mu sewero la 24 ali ndi ufulu wozunza munthu kuti aulule? Ena ankati chigawenga sachinyengerera. Ena ankakumbutsa anzawo kuti nthawi ya Kamuzu anthu ankazunzidwa ndi mawu omwewo, ndipo ambiri anali osalakwa.

Masewero a apolisi ofufuza amadzutsa nkhani ina. Wapolisi wa pa kanema amafika mphindi zochepa, kutenga zidindo za zala, kuyeza magazi, ndipo ola lisanathe wakupha wagwidwa. Woonera amene ng'ombe zake zinabedwa usiku n'kuwolotsedwa malire amapukusa mutu. Kupukusako ndi funso lenileni la chilungamo, ndipo m'dziko limene anthu okwiya nthawi zina amalanga okha woganiziridwa kuba, ndi bwino funsolo lizifunsidwa mokweza, anthu ali pamodzi.

Makauboyi nawo sanathe. Ku America anabweranso m'masewero ngati Deadwood ya 2004, Justified ya 2010 ndi Yellowstone ya 2018, momwe Kevin Costner amasewera ngati John Dutton, mwini malo aakulu a ng'ombe ku Montana. Nkhani zake ndi malire, ziweto ndi ana olimbirana chuma cha bambo, zinthu zimene mafumu a kwa Kaphuka, kwa Kachere ndi kwa Kasumbu amakhalira pansi chaka chonse. Kusiyana kwake n'kwakuti m'mafilimu akale eni nthaka a ku America ankaoneka ngati adani ongoyenera kuwomberedwa, pamene mu Yellowstone mtsogoleri wawo Thomas Rainwater amafuna malo a makolo ake abwerere. Mdzukulu wa munthu amene ankaombera m'manja Jeke ku Luanshya, ngati akudziwa momwe minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje inapezekera, akhoza kuima mbali ina lero.

Kenako panabwera omasulira mafilimu m'Chichewa. Mnyamata amakhala pa kompyuta, kutsitsa mawu a osewera n'kuikapo ake. Samangotembenuza zolankhula. Amapatsa anthu maina atsopano, amasandutsa mzinda wa ku America kukhala Ndirande kapena Mchesi, amachenjeza, amanyoza, amaseka. Ndi woonera wofuula uja, tsopano akudyerapo. Ena amadandaula kuti amawononga filimu. Ine ndikuona kuti akupitiriza ntchito imene anthu a m'makomboni anaiyamba pamene ankalumikiza filimu yodulidwa.

Madandaulo a makolo, aphunzitsi ndi mafumu pa nyumba za vidiyo ndi oona, ndipo sayenera kupeputsidwa. Ana amajomba kusukulu, ndipo eni ena amaonetsa zolaula usiku osayang'ana msinkhu wa wolowa. Pamenepo pakufunika malamulo a m'mudzi ndi maso a akulu. Koma kuteteza mwana ndi nkhani ina, kuganiza kuti wamkulu wa kumudzi sangasiyanitse sewero ndi moyo ndi nkhani inanso.

Mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, ndipo inabwerera chakumapeto kwa chaka chomwecho khoti litagamula. M'mizinda munali phokoso, koma pa Thete kapena pa Mayani sewero silinaime, chifukwa njira yake inali itasintha kale. Masiku ano munthu amapita kwa wobena, kupereka memori khadi ndi ndalama pang'ono, n'kubwerako ndi sizoni yonse mu foni. Nyumba zambiri za vidiyo zatsamira pa mpira wa ku England, pamene masewero a magawo asamukira m'manja. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mahedifoni, chifukwa woonera yekha alibe womutsutsa akayamba kusirira chigawenga.

Ojambula athu asonyeza kuti angathe. Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life, momwe mlandu wolimbirana mwana umakafika m'khoti, ndipo Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Chimene chikusowa ndi sewero la magawo lochokera kuno: la wapolisi wa pachipata cha Dedza, ng'ombe zobedwa zolowera ku Angonia, mavenda a mbatatesi pa msewu wa M1, ndi mfumu imene iyenera kugamula malire a munda pakati pa mwana wa malemu ndi mphwake.