Bomber Command: kufufuza za asilikali omwe sanabwerere

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali 55,573 a Bomber Command, nthambi yoponya mabomba ya RAF (gulu la nkhondo la ndege la dziko la Britain), anafa. Ndege yawo ya Lancaster inkanyamula anthu 7, choncho wofufuza za wachibale wake amapezeka akutsatanso mbiri ya anzake 6 omwe anakwera naye.

Poyambira pabwino ndi kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, yemwe amatchula gulu la msilikaliyo, tsiku lomwe anafa ndi komwe anaikidwa. Omwe matupi awo sanapezeke, ambiri mwa iwo atagwera m'nyanja ya North Sea, maina awo anazokotedwa pa chipilala cha ku Runnymede, chomwe chinatsegulidwa mu 1953 ndipo chili ndi maina oposa 20,000.

Zambiri zimapezeka ku National Archives, ku Kew. Mabuku a AIR 27 amalemba ulendo uliwonse: nambala ya ndege, okweramo, nthawi yonyamuka ndi komwe inkakaphulitsa. Pa ndege yotayika amangolemba mwachidule kuti sinabwerere, basi. Mafailo a AIR 81 ndiwo ofunika kuwawerenga modekha, chifukwa mumakhala makalata a achibale ndi malipoti a omwe ankafunafuna manda ndi zidutswa za ndege nkhondo itatha.