Moriya: Mbiri ya Dzina la Phiri Limene Mulungu Anaona

Dzina lakuti Moriya limapezeka kawiri kokha m'Baibulo lonse, pa Genesis 22:2 ndi pa 2 Mbiri 3:1, koma ngakhale likutchulidwa mwa apo ndi apo chonchi, lasenza katundu wolemera kuposa mayina a mapiri ambiri amene amamveka kawirikawiri m'Malemba. Mu Genesis, Moriya ndi dziko limene Abrahamu anauzidwa kuti apiteko ndi mwana wake Isake kukampereka nsembe pa limodzi la mapiri a kumeneko, ndipo anawaona malowo chapatali pa tsiku lachitatu la ulendo. M'buku la Mbiri, Moriya salinso dziko koma phiri la mu Yerusalemu pamene Solomo anamangapo Kachisi.

Tanthauzo la dzinali lakhala likugawa akatswiri kuyambira kalekale, ndipo umboni wake uli m'mabaibulo oyambirira kumasuliridwa. Amene anamasulira Malemba m'Chigiriki ku Alexandria, zaka zoposa 200 Khristu asanabadwe, ntchito imene imadziwika kuti Septuagint, sanalembe dzinali ayi, koma anangoti dziko lokwera. Baibulo la Chisiriya lotchedwa Peshitta linati dziko la Aamori, pamene Jerome, pomasulira m'Chilatini cha m'ma 400 AD, analitcha dziko la masomphenya. Arabi, amene ndi aphunzitsi a Chiyuda, anawonjezerapo matanthauzo ena: ena analitenga ku mneni wa Chiheberi yarah, kuphunzitsa, womwenso unabala mawu akuti Torah, pofuna kunena kuti chiphunzitso chinatuluka pa phirilo, ndipo ena analitenga ku yare, kuopa, chifukwa pamenepo m'pamene anthu ankaimirira ndi mantha pamaso pa Mulungu.

Komabe nkhani ya mu Genesis yenweyo imaloza mbali imodzi, ndipo ndi mbali imeneyi imene ikuyenera kulemekezedwa koposa. Mutu 22 wonse walukidwa ndi mneni ra'ah, kuona, ndipo chigawo chomaliza cha dzinali, Yah, chimamveka ngati chidule cha dzina la Mulungu. Isake, atasenza nkhuni pamsana atate wake atanyamula moto ndi mpeni, anafunsa za mwanawankhosa wa nsembeyo, ndipo yankho la Abrahamu linagwiritsa ntchito mawu akuti yir'eh, kutanthauza kuti Mulungu adzaona yekha. Wolankhula Chichewa samavutika kumva zimenezi, pakuti kholo likauza mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi kuti liona chochita, silinena za maso koma za kupeza chimene chikusoweka. Pambuyo pake Abrahamu anakweza maso naona nkhosa yamphongo itakodwa nyanga m'chitsamba, ndipo anatcha malowo Yehova-Yire. Pali chinthu china chozama pamenepa. Chiheberi chakale chinkalembedwa ndi zilembo zopanda mavawelo, ndipo zizindikiro za katchulidwe zinaikidwa zaka mazana ambiri pambuyo pake ndi alembi otchedwa Amasorete. Choncho zilembo zomwezo zikhoza kuwerengedwa yir'eh, adzaona, kapena yera'eh, adzaoneka. Moriya ndiye kuti ndi pamalo pamene Mulungu amaona chosowa cha munthu, komanso pamene iye mwini amaonekera kwa munthuyo.

Mlembi wa Mbiri, amene analemba Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, anagwira ulusi womwewu ponena kuti Kachisi anamangidwa pamene Mulungu anaonekera kwa Davide. Malowo anali dwale la Myebusi wotchedwa Arauna mu 2 Samueli 24 ndi Orinani mu 1 Mbiri 21, ndiko kuti thanthwe losalala la pamtunda pamene ankapunthirapo tirigu kuti mphepo izichotsa mankhusu. Mliri umene unapha anthu 70,000 m'masiku a Davide unalekera pomwepo, ndipo Davide anakana kulandira dwalelo ulere, nagula ndi ndalama zake kuti amangepo guwa. Buku la Mafumu, limene limafotokoza mamangidwe a Kachisi mwatsatanetsatane, silitchula Moriya n'kamodzi komwe, ndipo aneneri ndi Masalmo amakonda dzina lakuti Ziyoni. Choncho vesi limodzi la mu Mbiri ndilo linamangirira pamodzi mpeni wa Abrahamu, guwa la Davide ndi Kachisi wa Solomo, ndipo kwa anthu amene anali atamanganso Kachisi wawo pa mabwinja, mawu amenewa anali chitonthozo chachikulu, popeza ankawauza kuti nsembe zawo zikupsera pamene kholo lawo linayesedwera. Asamariya sanavomereze zimenezi, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti Abrahamu anapita ndi Isake pa phiri la Gerizimu pafupi ndi Sekemu.

Phiri lenilenilo, lotalika pafupifupi mamita 740 kuchokera pa nyanja yaikulu, laona zowawa zambiri. Ababulo anatentha Kachisi wa Solomo cha m'ma 586 BC, wachiwiri anamalizidwa cha m'ma 515 BC, Herode Wamkulu anayamba kumukulitsa cha m'ma 20 BC, ndipo asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Titus anamugwetsa mu 70 AD. Cha m'ma 691 AD mfumu ya Chisilamu Abd al-Malik inamanga pa thanthwe la paphiripo nyumba yotchuka ya denga lozungulira imene ilipobe, ndipo Asilamu amatcha bwalo lonselo Haram al-Sharif, kutanthauza malo opatulika olemekezeka, pamene Ayuda amapemphera pa khoma lakumadzulo limene linatsala pa ntchito ya Herode.

Dzinali linayendanso ulendo wautali kufika kum'mwera kwa Africa. Mpingo wa Zion Christian Church, umene Engenas Lekganyane anauyambitsa m'zaka za m'ma 1920, unatcha likulu lake Moria, kum'mawa kwa mzinda wa Polokwane m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, ndipo pa nyengo ya Pasaka khamu la anthu limasonkhana kumeneko kukapemphera, ena atachokera m'mayiko oyandikana nalo.