Mbiri ya Maphunziro a Ana m'Mapiri a Dedza

Boma la Dedza lili m'chigawo chapakati cha Malawi, m'malire ndi dziko la Mozambique. Ndilo dziko la mapiri ndi la chisanu. Phiri la Dedza lenilenilo litalika mamita oposa 2,000, ndipo kufupi nalo kuli mapiri ena monga Chongoni, Mphunzi ndi Chentcherere. Anthu ambiri alidziwa dzikoli chifukwa cha mbatata ya kachewere ndi mitengo ya paini. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa kuti m'mapiri omwewa ana akhala ali kuphunzitsidwa kuyambira kalekale, choko ndi pepala zisanaoneke. Nkhani ino ifotokoza m'mene ana aang'ono a dzikoli anaphunzirira pa nyengo zosiyanasiyana: poyamba pa thanthwe, pambuyo pake pa sileti, ndipo masiku ano m'kalasi ndi pa maulendo a sukulu.

Zolemba za pa Thanthwe

M'mapanga a mapiri a Chongoni muli zithunzi zojambulidwa pa miyala. Zina ndi zofiira, zina ndi zoyera. Zofiirazo ndizo zakale koposa, ndipo zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira. Anazijambula ndi Akafula, anthu aafupi aja amene makolo anali kuwatcha Amwandionerapati. Iwowa sanali kulima. Anali kusaka nyama, kufula uchi ndi kutchera zipatso za m'thengo. M'chaka cha 1972 katswiri wa zinthu zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere, napezamo zida za miyala, mafupa a nyama ndi mapale. Zinthu zimenezi zinasonyeza kuti anthu anayamba kukhala m'phangamo zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Zithunzi zoyera ndi za Achewa, amene anazijambula ndi chala choviika m'dothi loyera. Zambiri zioneka ngati chikopa cha nyama choyanikidwa, miyendo ili tambalale. Ofufuza anapeza kuti zithunzi zimenezi zinali za chinamwali cha atsikana. Anamkungwi anali kupita ndi anamwali kumalo obisika, nawaonetsa zithunzizo, nawalangiza ndi nyimbo ndi miyambi. Chithunzi chilichonse chinali ngati mfundo yomangidwa pa chingwe, yokumbutsa mwana mwambo umene anamva. Zithunzi zina zoyera zionetsa zilombo za Gule Wamkulu, monga kasiyamaliro, ndipo zimenezi anajambula ndi amuna a nyau.

Motero phanga linali kalasi, thanthwe linali bolodi, ndipo namkungwi anali mphunzitsi. Ana aang'ono amene anali asanafike msinkhu wa chinamwali anali nawo maphunziro awonso. Usiku anali kumva nthano ndi zilapi kwa agogo. Masana anyamata anali kuumba ng'ombe zadothi kubusa, atsikana ali kuphika masanje. Mwana anali kuphunzira ndi maso, ndi makutu, ndi manja omwe.

Kufika kwa Sileti

Sukulu ya zilembo inafika ndi amishoni. A Mishoni ya Dutch Reformed, ochokera ku South Africa, anamanga ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo m'chaka cha 1903 anatsegula mishoni ya Mphunzi m'dziko la Dedza. Ansembe Achikatolika otchedwa White Fathers anafika ku Mua, kunsi kwa mapiri, m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1910 anakwera kumtunda namanga ku Bembeke.

Kuchokera pa mishoni iliyonse, aphunzitsi Achiafirika anatumidwa m'midzi kukayambitsa sukulu zazing'ono. Nyumba ya sukulu inali ya mitengo ndi udzu, ndipo nyumba yomweyo inali tchalitchi tsiku la Sabata. Belu linali ng'oma kapena chitsulo chopachika pa mtengo. Ana anali kukhala pansi, nayang'ana pepala lalikulu la zilembo, nanena pamodzi motsata mphunzitsi: a, e, i, o, u. Poyamba anali kulemba ndi chala pa dothi, ndipo amene wadziwa anali kupatsidwa sileti. Masamu anali kuwerengera timiyala, timitengo kapena maso a chimanga. Kawirikawiri mwana wamng'ono ndi bambo wandevu anali kukhala mzere umodzi, pakuti onse anali oyamba kumene.

A Dutch anaumirira kuphunzitsa m'Chinyanja, kuti munthu aliyense athe kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo amene anatsogolera ntchito yolimasulira anali William Murray. Anaumiriranso ntchito za manja, monga ulimi, ukalipentala, kuumba njerwa, kuluka madengu ndi kusoka. Makolo ena anakondwera nazo. Ena anadandaula, nati ana awo afunika Chingelezi chambiri kuti akapeze ntchito ya ukalaliki. Funso limenelo, lakuti mwana aphunzire zambiri za m'buku kapena za manja, linayamba nthawi imeneyo ndipo silinathe.

Mkangano wa Sukulu ndi Dambwe

Sukulu yatsopanoyi sinalandiridwe mwamtendere ponseponse. Amishoni, Achikatolika ndi Achidatchi omwe, analetsa Akhristu awo kulowa nyau ndi kuvinidwa chinamwali cha makolo. Akuluakulu a m'midzi anaona kuti sukulu ili kuwalanda ana. M'zaka za m'ma 1920 mkangano unakula, makamaka m'midzi yozungulira Mua. M'midzi ina anyamata anayamba kulowetsedwa kudambwe akali aang'ono, kuti mphunzitsi asayambe ndiye kuwatenga.

Wovutika pa mkanganowu anali mwana. Akapita kusukulu anali kuuzidwa kuti za makolo ake ndi za mdima. Akapita kudambwe anali kukula wosadziwa kulemba dzina lake, ndipo akapita kuntchito ku Harare kapena ku Joni anali kupempha mnzake kuti amlembere kalata ya kwa mkazi wake. Mwana mmodzi anagawidwa pakati, ngati kuti sangathe kudziwa zonse ziwiri. M'kupita kwa zaka luso lojambula pa miyala linazilala, ndipo mapanga ambiri anaiwalika.

Boma Lilowapo

Kwa zaka zambiri sukulu zinali m'manja mwa amishoni okha. M'chaka cha 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, la ku America, zinayendera sukulu za Nyasaland, nizilangiza kuti maphunziro agwirizane ndi moyo wa m'mudzi. M'chaka cha 1926 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo pambuyo pake linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Kumeneko aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi anali kuphunzira, pamodzi ndi akazi awo, za ukhondo, ulimi ndi ntchito za manja.

M'chaka cha 1951 Boma linatsegula Dedza Secondary School. Zisanachitike izi, sukulu za sekondale zinali ku Blantyre ndi ku Zomba. Tsopano mwana wa ku Linthipe kapena ku Lobi anatha kuona ndi maso ake kumene sileti ingamfikitse. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 sukulu zinachuluka, ndipo m'chaka cha 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko lonse, chophunzitsidwa m'sukulu zonse.

Kusintha kwakukulu kunadza m'chaka cha 1994, pamene Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana a sukulu m'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni nafika pafupifupi 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino, pakuti mwana wa mmphawi analowa pakhomo limene linali lotseka. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi zinachepa. M'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi anayang'anizana ndi ana oposa 100 a Sitandade 1, ena ali pansi pa mtengo. Ku Dedza, kumene chisanu cha mwezi wa Juni ndi Julaye chiumitsa zala, kuphunzira pabwalo ndi chinthu chowawa. Pa kalasi lotere mphunzitsi athamangira kuwerenga ndi masamu, ndipo kujambula, kuumba ndi kuimba ndizo ziyamba kusiyidwa.

Ntchito za Manja ku Mua

Chodabwitsa ndi chakuti pamalo pomwe panali mkangano waukulu ndi pomwe panayambira chiyanjano. Wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anafika m'Malawi m'chaka cha 1967. Anaphunzira Chichewa ndi miyambo ya anthu, napatsidwa mfunda wa Chisale. M'chaka cha 1976 anayambitsa malo a luso otchedwa Kungoni pa mishoni ya Mua. Kumeneko amisiri a m'midzi yozungulira anaphunzira kusema ziboliboli ndi kujambula, ndipo ntchito zawo zinafika m'matchalitchi ndi m'nyumba za maiko akutali. Pambuyo pake panamangidwa nyumba yosungira zinthu zakale ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, m'mene muli zigoba za Gule Wamkulu mazana angapo.

Kumtunda nako, m'tauni ya Dedza, munatsegulidwa nyumba youmba ya Dedza Pottery m'chaka cha 1987. Dothi lija ana aumbira ng'ombe kubusa linasanduka makapu, mbale ndi miphika yogulitsa, ndipo anthu ambiri anapezapo ntchito. Izi zinayankha makolo aja anali kuganiza kuti ntchito ya manja ndi ya munthu wolephera sukulu.

Maulendo a Sukulu

M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. M'chaka cha 2006 bungwe lomwelo linalemba mapanga a Chongoni, okwana 127, m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lapansi. Odziwika kwambiri kwa alendo ndi Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Zinthu zimene agogo anauzidwa kuti azitaye, adzukulu awo tsopano aziwerenga m'mabuku a sukulu, ndipo aphunzitsi ena apita nawo kukaziona.

Ulendo wa sukulu uli ndi phindu lalikulu. Mwana amene watsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kupita ku Mua aona yekha kusiyana kwa dziko lozizira la kumapiri ndi dziko lotentha la kunyanja, chinthu chimene bolodi silingathe kumuonetsa. Mwana amene waima m'phanga la Mphunzi, nawerenga madontho a pa thanthwe, nawajambula m'kope lake, waphunzira mbiri, masamu ndi luso pa tsiku limodzi. Ndiponso ulendo wotere sulira galimoto nthawi zonse, pakuti sukulu zina zili pafupi ndi mapangawo, poyenda pansi.

Koma pali chinthu chimodzi chomvetsa chisoni. M'mapanga ena, makamaka ku Chentcherere, anthu alemba maina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzi zakale. Ena asonkha moto m'phanga, utsi nudetsa thanthwe. Akafula sanalembe mainawo, ndipo anamkungwi sanawalembe. Analemba ndi anthu odziwa zilembo, amene anapita kusukulu. Dzanja limene linaphunzira kulemba ndilo lili kufafaniza zolemba za makolo. Chithunzi chimene chakhala zaka mazanamazana chiwonongeka pa kamphindi, ndipo palibe mmisiri angachibwezere.

Udindo wa Makolo

Akale anati, m'mera mpoyamba. Mwana amene wauzidwa akali m'Sitandade 1 kuti zithunzi za m'phanga ndi zolemba za agogo ake sadzatola khala kuti alembepo. Ntchito imeneyi si ya mphunzitsi yekha. Kholo limene laphunzira kuwerenga litakula lidziwa kuposa wina aliyense kuwawa kwa kusadziwa zilembo, ndipo lidziwanso nthano, zilapi ndi luso la manja zimene mulibe m'buku.

Chifukwa chake kholo lotere litumize mwana kusukulu tsiku ndi tsiku, ngakhale pa nyengo yokumba kachewere kapena pa tsiku la msika. Madzulo likhale naye pansi, awerengere pamodzi. Mwana akaumba ng'ombe yadothi kapena akapanga galimoto ya mawaya, asakalipiridwe kuti ali kutaya nthawi. Woluka madengu ndi woumba mbiya angathe kupita kusukulu tsiku limodzi kukaonetsa ana ntchito yawo, pakuti dothi ndi nsungwi sizilira ndalama. Ndipo aphunzitsi akakonza ulendo wa kumapanga, makolo ena atsagane nawo, aonetsetse kuti ana anyamula makope ndi mapensulo, kuti chimene akachione akachijambule pa pepala, thanthwe alisiye monga analipeza.