Mapangano olera ana pakati pa a Shaker

Mapangano olera ana pakati pa a Shaker anali makalata ovomerezeka ndi lamulo amene makolo, kapena akuluakulu oyang'anira anthu osauka, ankasainirana ndi atsogoleri a mpingo wa Shaker ku United States, makamaka m'zaka za m'ma 1800. Mpingowu, umene Ann Lee anapita nawo ku America kuchokera ku Manchester mu 1774, unkaletsa ukwati, choncho munalibe ana obadwiramo. Ana ena ankabwera ndi makolo awo olowa mpingo, ena anali amasiye, ndipo ena ankaperekedwa chifukwa cha umphawi.

Zimene pangano linkanena

Kawirikawiri mnyamata ankakhala m'manja mwa mpingo mpaka atakwanitsa zaka 21, mtsikana zaka 18. Mpingo unkalonjeza kumudyetsa, kumuveka, kumuphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, komanso ntchito yamanja. Anyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala, kusoka nsapato ndi kupanga matsache. Atsikana ankaphunzira kusoka, kuluka nsalu ndi kuphika. Anyamata ankapita kusukulu m'nyengo yozizira, ntchito zakumunda zikachepa, pamene atsikana ankapita m'nyengo yotentha. Anawo ankagona padera ndi makolo awo, ndipo ankayang'aniridwa ndi olera osankhidwa ndi mpingo.

Milandu

Vuto linkabuka kholo likafuna mwana wake nthawi isanakwane. Masiku amenewo lamulo linkapatsa bambo mphamvu pa ana, moti ankatha kuwasainira mayi asakufuna. Mary Marshall Dyer anatuluka mumpingo ku Enfield, New Hampshire, mu 1815, koma ana ake asanu anatsala chifukwa mwamuna wake Joseph anali atawapereka mwa pangano. Anadandaula kunyumba ya malamulo ndiponso kulemba mabuku otsutsa a Shaker kwa zaka zambiri, koma sanapatsidwe anawo. Eunice Chapman zinamuyenderako bwino: mu 1818 nyumba ya malamulo ya New York inathetsa ukwati wake, ndipo pambuyo pake anakatenga ana ake atatu ku Enfield komweko, kumene mwamuna wake anawabisa.

Mpingowo sunapindule monga unkayembekezera. Ana ambiri akakula ankachoka ndi luso limene anaphunzira n'kukakwatira kapena kukwatiwa kunja, ndipo ochepa okha ndi amene ankasaina pangano la umembala.