Ulendo wa Kukamva Magitala ku Migodi

M'zaka za 1970 mnyamata wa ku Matero wofuna kumva gulu la WITCH likuimba kwao ku Kitwe anali kukwera sitima ku Lusaka, nadzera ku Kabwe, Kapiri Mposhi ndi Ndola. Anali kutsika mu mzinda wa Cibemba wosadziwa kogona, koma magitala a magetsi atalira, mlendo ndi mwana wa mgodi anali kubvina pamodzi. Nyimbozo zinachedwa Zamrock.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama za dansi zinasowa. Pambuyo pace boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo matenda a Edzi anatha oimba ambiri. Jagari Chanda, mtsogoleri wa WITCH, anapulumuka. Mu 2017 anatenga ulendo wa cilendo, nakaimba m'mizinda ya ku Ulaya.